Kodi Katundu Wopanda Msonkho Alikodi?

Ife a kuno ku Chongwe ndeke sitizidabwa. Bwalo lalikulu la ndeke la dziko lathu, limene linatsegulidwa mu 1967 ndi kupatsidwa dzina la Kenneth Kaunda mu 2011, ambiri amaliyesa la mu Lusaka, koma kunena zoona lili m'boma lathu lino, kufupi ndi Misyoni ya Kasisi. Polima m'munda timaziona ndekezo zikutsika, ndipo ana athu amazikweza manja ngati kuti okweramo akuwaona. Komabe ndi owerengeka mwa ife amene analowapo m'kati mwa nyumba yatsopano ija yotsegulidwa mu 2021, kupitirira pamene amadinda mapasipoti, kumene kuli masitolo owala ngati guwa la pa Pasaka, olembedwa mau awiri a Cingerezi akuti Duty Free, ndiko kuti wopanda msonkho. Mau awiriwa ndiwo ndifuna kuti tikambirane mwezi uno, okondedwa awerengi, pakuti anathawa m'bwalo la ndeke, anayenda m'makamwa mwa anthu kufikira m'midzi yathu, ndipo anatsala pang'ono kupasula banja lina la mu mphakati wathu.

Mai wa m'banjalo, munthu wakhama amene sajomba ku Misa ngakhale ku msonkhano wa mphakati, anandipeza tsiku lina la Sabata titatuluka m'chalichi. "Aphunzitsi," anatero, "mundikumbukire m'mapemphero. Laciwiri ndinyamuka kupita ku Dar es Salaam kukagula katundu wogulitsa." Inali nthawi yake yolandira ndalama za cilimba, ndipo amuna ake anaonjezapo za cimanga ca caka conse. Msuweni wake anali atamuuza kuti kumeneko ndi padoko, zombo zimatsitsa katundu pakhomo penipeni, ndiye zinthu zonse ndi za duty free. Ine ndinamudalitsa ndi mtima wonse, koma sindinamufunse kanthu. Ndiulule pano kuti pamenepo ndinalakwa, pakuti akulu anati safunsa anadya phula, ndipo tsiku limenelo osafunsa tinalipo awiri.

Anayenda pa basi makilomita pafupifupi 1,000 kukafika ku Nakonde, anaoloka malire kulowa m'Tunduma, napitirira ulendo wina wautali wotsikira kunyanja. Ku Kariakoo anagula zitenge, nsapato za ana a sukulu, zikwama ndi mapoto. Wogulitsa wina, pofuna kuti maiyo atenge mitolo iwiri m'malo mwa umodzi, anamutsimikizira kuti katunduyo ndi wopanda msonkho. Mai uja anagula mpaka kungotsala ndi ya basi ndi ya tiyi. Pobwerera, atafika pa Nakonde, a kasitomu anamupempha malisiti, anawerengera monga lamulo linenera, namuuza msonkho woyenera kulipira. Iye anayankha mwaulemu kuti katunduyo ndi wa duty free. Anamufotokozera kuti mau amenewo alibe nchito pamalo pamenepo. Basi inapita, iye anatsala ndi mitolo yake, m'cikwama mulibe kanthu.

Tisanamutsate maiyu, tiyeni tione kumene mauwa anacokera, pakuti amene anamusoceretsa si wogulitsa yekha ai.

Mwambowu unayambira pa madoko. Kuyambira kale maboma ankalola kuti mowa, fodya ndi zakudya zokweza m'combo copita kunja zisakhomeredwe msonkho, cifukwa zinthuzo zikadyedwa pakati pa nyanja, kumene kulibe mfumu kapena boma. Katundu wotere ankasungidwa m'nyumba zokhoma, zoyang'aniridwa ndi a kasitomu, ndipo ankaturukamo pokhapokha akupita m'combo. Amene anatengera nzeruyi ku bwalo la ndeke ndi a ku Ireland, dziko lija limene linatitumizira ansembe ndi masisitere ambiri otiphunzitsa. Ndeke za masiku amenewo sizinkatha kuoloka nyanja ya Atlantic popanda kumwa mafuta panjira, ndipo zambiri zinkatera pa Shannon, kumadzulo kwa dzikolo. Mu 1947 boma la Ireland linapanga lamulo lakuti bwalolo likhale kunja kwa kasitomu, ndipo Brendan O'Regan, amene ankayang'anira zodyetsa apaulendo pamenepo, anayambitsa kasitolo kogulitsa zinthu popanda msonkho. Maiko ena anaonera. Ngakhale masitolo ochuka a pa bwalo la ndeke la Dubai, kumene amalonda athu ambiri amapita masiku ano, anayambitsidwa mu 1983 ndi thandizo la akatswiri ocokera ku Ireland komweko.

Maganizo ake ndi osavuta. Munthu amene wadinditsa pasipoti yake waturuka m'dziko limodzi koma sanalowe m'dziko lina. Ali ngati munthu woima pakati pa ulalo wa Luangwa, amene sali tsidya lino ndiponso sali tsidya lija. Boma la dziko limene akucokamo limati: cimene ugule pano sukadyera kwathu, cotero sitikukhometsa. Ndico cifukwa cake wogulitsa m'sitolo yotere sakupatsani kanthu musanamuonetse ciphaso canu cokwerera ndeke. Koma taonani bwino, abale, pakuti apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Msonkho umene wakhululukidwa ndi wa dziko limene mukucokamo. Dziko limene mukupitako silinakulonjezeni kanthu. Likulolani kulowa ndi tinthu tocepa ta inu mwini ndi mphatso za abale, mpaka pa muyeso umene lamulo lake linaika. Zopitirira pamenepo, ndiponso zonse zooneka kuti ndi za malonda, zimakhomeredwa msonkho ngati katundu wina aliyense. Malamulo amenewa amasinthanso. Maiko a m'bungwe la European Union anathetsa malonda opanda msonkho kwa oyenda pakati pa maiko awo mu 1999.

Mizinda ya padoko imene katundu amalowamo popanda msonkho wa kasitomu iliko ndithu, ndipo wochuka koposa ndi Hong Kong, umene unali m'manja mwa Angerezi kufikira mu 1997. Kumeneko boma limangokhometsa zinthu zowerengeka, monga mowa waukali, fodya ndi mafuta a galimoto. Mu mzinda umenewu ndimo anthu awiri a ku America, Charles Feeney ndi Robert Miller, anakhazikitsa kampani ya Duty Free Shoppers mu 1960. Iwo anayamba ndi kugulitsa mowa wopanda msonkho kwa asilikali a m'zombo za nkhondo za America pa madoko a nyanja ya Mediterranean, ndipo pambuyo pake analemera kwambiri ndi alendo a ku Japan ogula mowa, mafuta onunkhira ndi mawochi ku Hong Kong ndi ku Honolulu.

Za Feeney ameneyu ndiloleni ndipatuke pang'ono. Anabadwa mu 1931 m'banja wamba la Cikatolika la ku New Jersey, la makolo a mtundu wa ku Ireland. Mu 1984 anapereka mwacinsinsi gawo lake lonse la kampaniyo ku bungwe lake la zacifundo, ndipo dziko silinadziwe kufikira mu 1997. Pofika mu 2020, pamene bungwelo linatsekedwa litagawa zonse, anali atapereka madola oposa mabiliyoni 8 ku masukulu, zipatala ndi nchito zina ku Ireland, Vietnam, South Africa ndi kwina. Anamwalira mu 2023 akukhala m'nyumba ya lendi ku San Francisco. Ndimamulemekeza munthu ameneyu. Koma ndikaganiza bwino ndimaona cinthu codabwitsa: cuma cimene cinasonkhanitsidwa pogulitsa zinthu zosakhomeredwa msonkho cinakathera ku zipatala ndi masukulu, kumene msonkho ukadapita pomwe. Iye anabweza mwa kufuna kwake. Ndi angati mwa olemera ndi malonda otere amene anacita cimodzimodzi?

Tsono Dar es Salaam si Hong Kong. Ndi doko lalikulu, ndipo kwa ife a dziko lopanda nyanja yamcere ndi khomo lathu lenileni. Njanji ya TAZARA, ya makilomita 1,860 kucokera ku Kapiri Mposhi, inamangidwa ndi thandizo la China ndi kutha mu 1975 kuti mkuwa wathu upeze njira pamene kum'mwera kunali kotsekeka cifukwa ca ulamuliro wa Ian Smith. Mafuta athu, feteleza ndi magalimoto ogwirapo kale nchito ocokera ku Japan zambiri zimadzera kumeneko. Koma katundu wotsika m'combo pa dokoli amatenga imodzi mwa njira ziwiri. Wopita ku Zambia, Malawi kapena Congo amangodutsa, ali womatidwa ndi cidindo ca kasitomu, ndipo msonkho wake umakalipidwa ku dziko limene akupita. Wotsala m'Tanzania amalipiridwa msonkho wa Tanzania asanaturuke padoko. Zitenge ndi nsapato za m'masitolo a Kariakoo ndi za gulu laciwirili. Kuchipa kwake kumacokera ku kufupika kwa doko, ku kugula mopikulitsa ndi ku kucuruka kwa amalonda olimbirana ogula, osati ku kusowa kwa msonkho. Cotero mai wathu uja, amene ankaganiza kuti sadzalipira msonkho ngakhale umodzi, anali atalipira kale wa Tanzania wobisika mu mtengo, ndipo wa Zambia unali kumudikira pamalire.

Dzina lakuti Kariakoo nalo lili ndi mbiri yotikhudza. Linacokera ku mau akuti Carrier Corps, gulu la onyamula katundu wa asilikali a Angerezi pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918, amene anali ndi msasa pamalopo. Makolo athu ambiri a kuno ndi a ku Nyasaland anagwidwa kukagwira nchito yomweyo, imene ankaichula kuti tengatenga, ndipo ambiri sanabwerere. Lero zidzukulu zawo zikusenzanso mitolo pamalo omwewo, koma tsopano mwa kufuna kwawo.

Nanga msonkho wa pamalire umawerengedwa bwanji? Ndikufuna kuti mai aliyense wa cilimba ndi mnyamata aliyense wofuna kuyamba geni amvetse masamu awa asanagule tikiti. Bungwe la Zambia Revenue Authority, limene linayamba nchito mu 1994, limayamba ndi mtengo wa katundu pamodzi ndi ndalama zomunyamulira. Katundu wopangidwa kale, monga zovala ndi nsapato, kawirikawiri amakhomeredwa 25 peresenti. Pamwamba pake pamabwera msonkho wa VAT, umene unayamba mu 1995 ndipo unatsitsidwa kufika pa 16 peresenti mu 2008. Umenewu umawerengedwa pa mtengo wa katundu ataphatikizapo kale msonkho woyamba uja. Tiyerekeze kuti katundu wanu ndi wa K10,000. Msonkho wa kasitomu ukhala K2,500. VAT pa K12,500 ikhala K2,000. Pamodzi ndi K4,500, pafupifupi theka la ndalama zimene munagulira. Munthu wopita ku Dar es Salaam ndi K15,000 ya katundu asagule wa K15,000, koma wa K10,000, yotsalayo aimangirire pa nsonga ya citenge. Miyeso imeneyi imatha kusintha ndi bajeti ya boma caka ndi caka, cotero pitani ku ofesi ya bungweli mukafunse musananyamuke, kufunsa salipiritsa.

Ena anamva kuti pali cipangano ca COMESA copeputsira amalonda ang'onoang'ono pamalire. Cilipodi, ndipo cimathandiza pa malire monga Mwami ndi Chirundu. Koma cimakhudza katundu wolimidwa kapena wopangidwa m'maiko a m'bungwelo, pamene Tanzania inaturukamo mu 2000. Ndiponso nsapato yopangidwa ku China sisanduka ya mu Africa cifukwa cakuti yagona mwezi umodzi m'sitolo ya m'mbali mwa nyanja.

Kodi n'cifukwa ciani mau awiri aja ali ndi mphamvu yotere pa ife? Ine ndiganiza kuti ndi cifukwa ca njala ya zaka za m'ma 1980. Amene tinali anyamata nthawi imeneyo tikukumbukira kudzuka tambala asanalire kukaima pa mzere wa sopo, saladi ndi shuga pa masitolo a boma. Ndalama zakunja zinali za cilolezo, kufikira malamulo ake atamasulidwa mu 1994. Munthu wotsika ndeke ndi cipepala ca pulasitiki colembedwa Duty Free ankaoneka ngati wacokera ku paradizo, ndipo cipepalaco cinkasungidwa m'nyumba zaka zambiri, ana akunyamuliramo mabuku. Masitolo anadzaza pambuyo pake, koma ulemu wa mauwo unatsala m'mitima. Cikhalireco, mukalowa m'sitolo yotere mupezamo ciani? Simupezamo unga, kapenta kapena yunifomu ya mwana. Mupeza mowa waukali, ndudu, mafuta onunkhira, cokoleti ndi mawochi, pakuti zinthu zimenezi ndizo maboma amazikhometsa kwambiri, ndiye ndizo zimaoneka zotsika mtengo msonkho ukacoka. Ngakhale pamenepo si nthawi zonse pamene zimachipa, cifukwa lendi ya pa bwalo la ndeke ndi yokwera, ndipo mitengo yambiri ndi ya m'madola. Cikomekome ca nkhuyu, m'kati muli nyerere. Ndaonapo atate a banja akubwera kucokera ku ulendo wa nchito ndi mabotolo awiri a mowa wodula, ana osawagulira ngakhale pensulo, ati cifukwa unali mwai wosayenera kuuphonya. Mwai wa yani?

Tibwerere ku Nakonde, kumene tinamusiya mai uja atakhala pa mitolo yake. Dzuwa lisanalowe anafikiridwa ndi anyamata awiri. Woyamba anati amupatse ndalama pang'ono, usiku adzadutsitsa katunduyo pa njira ya kuthengo. Waciwiri anati angathe kumulembera lisiti lina la mtengo wocepa. Maiyo anandiuza pambuyo pake kuti usiku woyamba anakana cifukwa ca mantha, poopa kuti anyamatawo angathawe ndi mitolo. Usiku waciwiri, atalankhula pa foni ndi amuna ake, amene anamukalipira kuti wataya cimanga ca caka conse, mantha aja anacepa ndipo njira ya kuthengo inayamba kuoneka yabwino. "Aphunzitsi," anatero, "ndinafika pa kuwerenga ndalama ya tiyi ija kuti ndiwapatse. Koma ndinaganiza kuti zitenge zimenezi ndikagulitsa kwa azimai anzanga a mu mphakati, ena adzasoketsa za ubatizo wa ana awo. Ndikanawayang'ana bwanji?"

Pano ndiyenera kulankhula monga katekisiti. Ndikudziwa zimene ambiri a inu mukunena m'mitima: kuti msonkho timalipira koma mseu wa kumudzi ndi wokumbika, ku cipatala amatilembera mankhwala kuti tikagule tokha, ndipo pali akuluakulu amene makontena awo amadutsa pamene mai wa mitolo iwiri akugona panja. Madandaulo amenewa si abodza onse, ndipo Abishopu athu akhala akudzudzula katangale ndi kusakaza cuma ca dziko m'makalata awo kwa zaka zambiri. Mkristu ali ndi ufulu, ndiponso udindo, wofunsa kumene msonkho wake ukupita, pa msonkhano wa khansala ndi pa tsiku la voti. Koma Katekisimu wa Mpingo Wakatolika, wofalitsidwa mu 1992, amawerengera kupereka msonkho pakati pa maudindo a nzika, ndipo amaika kuzemba msonkho mwacinyengo pansi pa lamulo lacisanu ndi ciwiri. Wozembetsa mtolo salanga nduna yakuba ai. Amalanga mnzake wa pa msika wa Chongwe amene analipira zonse, ndipo tsopano sangathe kupikisana naye pa mtengo. Amalanganso telala ndi wa fakitale wa kuno kwathu. Amene anaona mmene nchito za nsalu zinathera ku Kafue ndi ku Livingstone katundu wakunja atasefukira m'zaka za m'ma 1990 akudziwa cimene ndikunena.

Ndimakondanso kukumbutsa ophunzira anga a katekisimu kuti Mateyo Woyera anali wa kasitomu. Kapernao unali mudzi wa padoko m'mbali mwa nyanja ya Galileya, pafupi ndi malire a dziko la Herode Antipa, ndipo Mateyo ankakhala pamenepo kukhometsa asodzi ndi amalonda odutsa. Ambuye anamuitana ali pa desiki lake lomwelo. Cotero inu ana athu amene mumagwira nchito pa malire, pa Nakonde, pa Chirundu kapena pa bwalo la ndeke lathuli, muli ndi nkhoswe yanu kumwamba. Werengerani wosauka ndi wolemera ndi muyeso umodzi, perekani lisiti la boma pa ngwee iliyonse, ndipo mukaona mai wosadziwa malamulo mufotokozereni modekha, monga anacitira amene anakumana ndi mai wathuyu.

Tsiku lacitatu m'mawa maiyo anaimbira foni wapampando wa cilimba. Azimai asanu ndi anai anakumana pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa chalichi, anakangana pang'ono, pakuti ena anati cilimba si banki ya ongoyenda osafunsa, koma potsiriza anasonkha ndi kumutumizira ndalamazo pa foni monga ngongole. Analipira msonkho, analandira lisiti, nakwera basi ya madzulo. Katunduyo anatha m'miyezi inai. Atabweza ngongole ya anzake, phindu limene linatsala linangokwana matumba awiri a feteleza ndi nsapato za mwana wake wamng'ono, zimene anazipatula pa mtolo womwewo. Amuna ake anakhala milungu itatu osadya naye mbale imodzi, mpaka ankhoswe analowererapo. Ine ndinaitanidwa pa bwalo limenelo, ndipo ndinayamba ndi kupepesa kwa bamboyo cifukwa ca dalitso langa lopanda mafunso.

Caka cotsatira maiyo anapitanso ku Dar es Salaam, ulendo uno ndi mnzake mmodzi wa cilimba. Anapita kaye ku Lusaka kukafunsa miyeso ya msonkho, ndipo ndalama zake anazigawa m'tumatumba tiwiri, ka katundu ndi ka pamalire. Kaciwiriko anakasoka yekha m'kati mwa lamba, ndipo amene anamugwirira nyale posoka usiku umenewo anali amuna ake.